Tsoka Limene Linunkha

Akulu akale anati tsoka silinunkha. Ananena zoona, pakuti mphezi sicenjeza munthu, ndipo njoka ya m'udzu situma mthenga patsogolo. Koma alipo matsoka ena amene anunkha ndithu, nayamba kununkha masiku ambiri asanafike. Limodzi la iwo ndilo moto wa petulo m'galimoto yakale. Pamenepo pabuka funso lobvuta: ngati tsoka linanunkha, koma mwini galimoto sanalimve, kodi mlandu uli pa yani?

Wowerenga aganize za mkulu wina wa ku midzi ya pakati pa Katete ndi Chadiza, amene ali ndi Land Rover ya caka ca 1956. Anaigula kwa munthu amene anaigulanso kwa wina, ndipo palibe adziwa eni ace onse amene inapitamo m'manja mwao. Magalimoto a mtundu umenewu anayamba kupangidwa ku Solihull, m'dziko la England, m'caka ca 1948. Ndipo lero anthu a kumeneko awasunga monga cuma, nawapukuta, nawaonetsa pa masiku a cionetsero. Koma iyi ya mkuluyu siidziwa kupuma. Inyamula matumba a nshawa kunka ku msika, inyamula amai odwala usiku kunka ku cipatala, ndipo pakagwa maliro kutali ndiyo ibwera ndi mtembo. M'mudzi monsemo mulibe galimoto ina.

M'mawa wina mdzukulu wace wamkazi, amene anadza kucokera ku Lusaka kudzaceza pa masiku opuma sukulu, anakwera nakhala pa mpando wa kutsogolo. Asanayende ndi mtunda umodzi womwe, mwanayo anagwira mphuno nati, "Agogo, muno mununkha petulo." Mkuluyo anaseka, pakuti mdzukulu ndi mnzace wa nthabwala, nayankha, "Iwe mkazi wanga, mphuno zako za ku tauni zazolowera sopo. Galimoto ikapanda kununkha petulo idzanunkha ciani, nsima kodi?" Atatero anakoka mpweya kawiri katatu ndi mphuno zace, ndipo sanamve kanthu konse. Sanali kunama iai. Kumbuyo kunakhala mkamwini wace pamodzi ndi amai awiri a m'mudzi. Onse atatu analimva pfungolo cikwerereni, koma anayang'ana pansi osanena mau.

Coyamba cofunika kucizindikira ndi cakuti mphuno ya munthu itopa msanga. Munthu akalowa m'nyumba mouma fodya, pfungo limlasa pakhomo pomwe. Koma akakhalamo kanthawi kocepa, ayamba kuiwala kuti mulinso pfungo. Wogulitsa kapenta samva kapenta, ndi wofulula mowa samva masese. Ici si cilema, koma ndimo mphuno inapangidwira: nchito yace ndiyo kuuza munthu za cinthu catsopano cimene cafika, ndipo cinthuco cikakhalitsa, mphuno ileka kucichula kuti ikhale yokonzeka kumva cina. Cotero munthu amene akhala pafupi kopambana ndi pfungo, tsiku ndi tsiku, ndiye amene ali wosayenera kopambana kuliweruza. Ndiponso pfungo likamakula pang'ono pang'ono, lero kadontho, mwezi wa mawa timadontho tiwiri, palibe tsiku limene mphuno ingati, lero zasintha. Pa izi paonjezeke ukalamba, umene ucepetsa mphamvu ya mphuno monga ucepetsa ya maso ndi ya makutu. Kusiyana kwace ndi kwakuti wakhungu adziwa kuti saona, koma wofooka mphuno angoyesa kuti dziko laleka kununkha.

Caciwiri ndico cikhalidwe ca petulo. Cimene ciyaka si madzi ace, koma nthunzi imene ituluka mwa iye; ndipo petulo atulutsa nthunzi yokwanira kuyaka ngakhale pa kuzizira kwa madigiri 40 pansi pa ziro, kuzizira kumene dziko lino silinakuone ndi kale lonse. Ndico cifukwa cace asiyana ndi palafini wa m'nyali, amene ayamba wafunda asanagwire moto. Nthunziyo ilemera kuposa mpweya katatu kapena kanai, motero siikwera kumwamba monga utsi, koma itsika niyenda pansi monga madzi, nidzaza maenje, nibisala pansi pa mipando. Ikasakanizika ndi mpweya pa muyeso wa pakati pa magawo 1.4 ndi 7.6 mwa magawo 100, kambaliwali kamodzi kakwanira: ka macesi, ka ndudu, kapena ka waya wa magetsi wosamangika bwino. Anthu a m'cigawo cino sanaiwale za pa 17 November 2016 ku Caphiridzange, m'dera la Tete ku Mozambique, pamene galimoto yonyamula mafuta kunka ku Malawi inaphulika pakati pa anthu amene anadza kudzatunga, nafa oposa 70. Koma pali cifundo cimodzi: mphuno yatsopano imva petulo akali wocepa kwambiri, kutali ndi muyeso woyaka. Cenjezo lifika msanga, ngati alipo wolimva.

Tsono Land Rover ya zaka zimenezo inamangidwa mwa njira imene munthu wa lero angadabwe nayo. Thanki ya petulo, yolowa magaloni 10, ndiwo malita 45, ili pansi peni peni pa mpando wa woyendetsa. Ndipo pofuna kuthira petulo, munthu ayamba wacotsa khusheni ya mpando, natsegula kacitseko, napeza pakamwa pa thanki m'kati mwa galimoto momwemo. Kunali pofika 1958, pamene anatulutsa mtundu waciwiri, kuti pakamwapo anapaika kunja. Ndiponso kabuleta, mmene petulo asakanizika ndi mpweya asanalowe m'injini, ili ndi kambale kosungira petulo kokhala ndi kabowo kopumira. Injini ikazimitsidwa ili yotentha, petulo wa m'kambalemo auluka pang'ono natulukira panja. Magalimoto a masiku ano ali ndi kabokosi ka makala kogwira nthunzi imeneyi, cinthu cimene lamulo la ku America linayamba kucifuna ca m'ma 1971. Koma akale alibe. Cotero mau aja a mkuluyo, akuti galimoto iyenera kununkha petulo, sanali opusa onse. Pfungo lina ndi lobadwa nalo, ndipo silipha munthu. Bvuto ndi lakuti pfungo lobadwa nalo ndi pfungo la ngozi zinunkha cimodzimodzi.

Pali zambiri zimene munthu anganene pomkhalira kumbuyo mkuluyu, ndipo siziyenera kupeputsidwa. Palibe bwalo la milandu, la mfumu ya m'mudzi kapena la boma, limene liyesa wolakwa mosadziwa ndi wolakwa dala kukhala ofanana. Mkuluyu sanabise kanthu; anayesa ndi mphuno zace pamaso pa onse, napeza kuti mulibe. Iye mwini ndiye akhala pamwamba pa thankiyo, motero moto ukabuka ndiye woyamba kupsa. Munthu wodziwa sangakhale pamenepo ali kuseka. Ndiponso pali mau awa olemera: galimoto yakale ili ndi zodandaula zambiri. Ilira apa, igwedera apo, idontha oilo, itulutsa utsi. Mwini wace akati aziima pa ciri conse cimene wokwera wachula, galimoto siidzacoka pabwalo, ndipo mai wobvutika ndi pakati adzafera m'nyumba ali kudikira makanika wa ku Chipata. Kuimika galimoto yokhayo ya m'mudzi kuli ndi mtengo wace, ndipo olipira mtengowo ndiwo osauka. Amene ali ndi magalimoto awiri asafulumire kuweruza amene ali ndi imodzi.

Koma lilipo lamulo lakale kwambiri limene liunikira nkhani imeneyi, lonena za ng'ombe yogunda anthu. Lipezeka m'buku la Eksodo, mutu 21, ndipo lofanana nalo linalembedwa m'malamulo a Hammurabi, mfumu ya ku Babulo, zaka zoposa 1,700 Kristu asanabadwe. Tanthauzo lace ndi ili: ng'ombe ikapha munthu modzidzimutsa, mwini wace alibe mlandu; koma ngati inali ndi khalidwe logunda kale, ndipo mwini wace anauzidwa, koma sanaisunge, mlandu wa imfayo uli pa iye. Aliyense woweta ng'ombe kuno kum'mawa adzabvomera kuti ndimo mfumu yanzeru iweruzira. Cofunika kucipenyetsa ndi pamene lamulolo liika malire. Silifunsa ngati mwini ng'ombe anaiona ndi maso ace ili kugunda. Silifunsa ngati iye anakhulupira mumtima mwace kuti ng'ombe yace ndi yoopsa. Kawiri kawiri mwini ng'ombe sakhulupira, pakuti kwa iye ng'ombeyo ndi yofatsa, idya m'manja mwace. Lifunsa cinthu cimodzi: kodi anauzidwa? Mau a mnansi alowa m'malo mwa maso a mwini. Potero, m'mawa uja mwana asanalankhule, mkuluyo anali munthu wosadziwa. Mwana atalankhula, anasanduka munthu wouzidwa, ngakhale mphuno zace zinali cimodzimodzi monga kale. Sanakakamizike kukhulupira kuti mwanayo anena zoona. Anakakamizika kukayang'ana.

Wina adzati, nanga mau a mwana wa zaka 10 ndi cenjezo kodi? Pa mlandu wa malire a munda, iai. Pamenepo afunika akulu okumbukira. Koma pa nkhani ya pfungo, umboni wa mwana wofika dzulo uposa wa akulu khumi okwera masiku onse, cifukwa ca comweco cimene cimpeputsa, ndico kuti sanazolowere. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Ndiponso kusadziwa kwa m'mawa mwana asanalankhule sikuli koyera monga kuonekera. Aristotle, wanzeru wa ku Greece amene anafa m'caka ca 322 Kristu asanabadwe, anasiyanitsa kusadziwa kumene kugwera munthu ndi kusadziwa kumene munthu adzipangira yekha. Citsanzo cace cinali woledzera: pamene amenya mnzace sadziwa cimene acita, koma anadziwa pamene anayamba kumwa, ndipo ku Mytilene kunali lamulo lolanga woledzera koposa wosaledzera. Kuzolowera kufanana ndi kuledzera kumeneku, kungoti kubwera mwakacetecete. Linalipo tsiku loyamba, kapena caka catha, pamene mkuluyo anatsegula citseko m'mawa namva kuti pfungo lakula kuposa masiku onse. Tsiku limenelo anali ndi ulendo wofulumira, nati mumtima, ndidzaona Loweruka. Loweruka kunagwa maliro. Pofika Loweruka linzace mphuno inali itagwirizana nalo pfungolo, ndipo funso linafa lokha popanda woliyankha. Anthu ambiri amene anena moona mtima kuti sanadziwe, anadziwa tsiku limodzi.

Nanga atatu aja a kumbuyo? Lamulo la ng'ombe liyembekezera kuti anansi adzanena. Akakhala cete, mwini ng'ombe amasuka, ndipo katundu wa mlanduwo asamukira pa mitu yao. Zifukwa zao zidziwika. Amai awiriwo anakwera mwa cifundo, osalipira. Ndipo wopatsidwa nsima sachula kuti ndiwo zapsereza. Anaopa kuti akanena, mawa adzauzidwa kuti malo adzaza. Mkamwiniyo anamangika ndi mwambo, pakuti sikuli kwapafupi kuuza apongozi kuti cinthu cao conyadira cili ndi cilema, makamaka pamaso pa anthu. Mwambo umenewo ndi wabwino, usunga mtendere m'midzi yambiri. Koma makolo amene anaika ulemu umenewo anaikanso njira zopitira mau obvuta: mkamwini ali ndi mkazi wace, amene angalankhule ndi atate wace madzulo, ali ndi ankhoswe, angathenso kupempha yekha mwaulemu kuti, "Bambo, mundilole Loweruka ndipukuteko galimoto pansi." Ulemu ulamulira kanenedwe, koma sunalamulire kuti munthu aone ndebvu za mnzace zili kupsa nangopenya. Ndipo cete wa akulu atatuwo anacita coipa cina: anasandutsa mau oona a mwana kukhala ngati cipongwe ca ku tauni, pakuti mkuluyo anaona kuti palibe wamkulu amene wabvomereza.

Pali cinanso cimene cinacitika m'nyumba imeneyo miyezi iwiri mwanayo asanafike, ndipo ndico cilemetsa nkhani yonse. Mkuluyo sanamve pfungo, koma anaona kuti petulo akutha msanga. Iye ndi wa mbadwo umene uwerenga petulo ndi dontho. Anali mnyamata m'caka ca 1965, pamene azungu a ku Rhodesia anadzilengeza okha kuti adzilamulira, njira ya mafuta ya kumwera nitsekeka, petulo nayamba kugawidwa ndi makuponi. Migolo inadza pa malole kucokera ku Dar es Salaam pa mseu woipa, kufikira paipi ya makilomita 1,710 yofika ku Ndola inatha kumangidwa mu 1968. Munthu wotere petulo akasowa sakhala cete. Anayang'ana pansi pa galimoto m'mawa, napeza dothi louma. Pamenepo mtima wace unagwira mphwace, mwana wa mlongo wace, mnyamata amene atsuka galimotoyo ndi kugona m'gowelo pafupi nayo, amenenso ali ndi bwenzi la njinga yamoto. Anamuitana pamaso pa banja. Mnyamatayo anati, "Malume, ine sindinatenge." Sanamkhulupire, anamlanda makiyi, ndipo m'mudzi monse munamveka kuti mwana wa uje apopa petulo usiku. Apa ndipo paoneka kuti cizolowezi sicingotseka mphuno cabe. Cotayikaco cifuna cifukwa, ndipo munthu akatsekeka ku cifukwa ceni ceni, asankha cimene cili pafupi ndi cosatha kudziteteza.

Cimene cinatembenuza zinthu cinali cacing'ono. Mwanayo atafika kunyumba anakana kukweranso, nati mutu umuwawa, ndipo agogo ace akazi, amene sanena zambiri, ananunkhiza jekete la amuna ao pa cingwe, nati, "Bambo, mwanayu sananame. Nsikidzi zonse za m'nyumba zathawa jekete ili." Mutuwo sunali wongopeka: nthunzi ya petulo iwawitsa mutu ndi kucititsa cizungulire, ndipo muli mankhwala ochedwa benzene, amene madokotala anatsimikiza kuti abweretsa khansa ya m'magazi kwa owapuma zaka zambiri. Loweruka mkuluyo anaitana mkamwini wace, amene anaphunzirako za injini, nakankhira galimoto pansi pa mtengo, kutali ndi khichini ndi nkhokwe.

Kufunafuna pfungo kuli ndi dongosolo lace, ndipo dongosololo ndi losiyana ndi mmene mkuluyo anafunira wakuba. Munthu sayamba ndi kufunsa kuti ndani, kapena kuti pati. Ayamba ndi kufunsa kuti liti. Pfungo likakula thanki itangodzazidwa, kapena pokhota ndi pokwera phiri pamene petulo akhabvukira m'mwamba, bvuto lili pamwamba pa thanki: pa cibvundikiro, kapena pa gasiketi ya kacipangizo koyeza kuculuka kwa petulo. Likamveka injini ili kulira pokha, ayang'ane mapaipi, pampu ndi kabuleta. Likadza pamodzi ndi utsi wakuda kumbuyo, ndiye kuti injini ilandira petulo woposa muyeso, kapena woyendetsa waiwala kubweza choko. Likadza injini itangozimitsidwa nilitha posacedwa, ndilo lija lobadwa nalo. Koma likakhalapo m'mawa galimoto itagona usiku wonse yozizira, thanki ili pakati, pamenepo pali podontha. Amene anayankha mafunso awa sanali mwini galimoto, pakuti iye analibe yankho. Anali mdzukulu uja ndi agogo ace akazi, amene adutsa pa galimotoyo mbandakuca popita kumadzi. Ndipo pounika pansi anatenga tochi. Koloboi ndi macesi zinatsala m'nyumba, ndi mkulu wina wa kaliwo amene anadza kudzaonerera anapemphedwa kukhala patali.

Coyamba anapeza mphira wa pa cibvundikiro ca thanki atauma nang'ambika. Anadula wina. Pamenepo mkuluyo anati zatha, naitanitsa tiyi. Koma mkamwini anapempha kuti ayesenso cimodzi. Land Rover ya mtundu woyamba ili ndi pampu ya magetsi ya SU, imene ili ndi ubwino wakuti ilankhula. Munthu akatembenuza kiyi osaliza injini, pampu igogoda msanga msanga, thi thi thi, kufikira kambale ka m'kabuleta kadzaza. Pamenepo icedwa nileka. Ikapanda kuleka, ndiye kuti petulo ali ndi potulukira, kapena kasingano kotseka m'kabuleta sikatseka, kapena pampu ikoka mpweya pa mfundo yomasuka. Iyi inaleka, nikhala kanthawi, nigogodanso, nikhalanso, nigogodanso. Anawaza ufa woyera pa mfundo zonse, napeza kuti pa paipi ya mphira yolowa ku kabuleta ufa wada. Paipiyo kunja inaoneka yabwino. Poipinda inaonetsa ming'alu ngati ya ku cidendene. Mphira ali yense akalamba, koma wakale aonongeka msanga ndi petulo wosakaniza ndi ethanol, umene opanga ace sanauganizire. Ku Malawi, kumene magalimoto a m'malire amwera nthawi zina, asakaniza ethanol wa nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba. Ndipo eni magalimoto akale a ku Britain anakomana ndi bvuto lomweli pamene petulo wa E10 anafala mu September 2021. Anaika paipi yatsopano, pampu nikhala cete.

Apa ndipo pali yeso lalikulu la wofunafuna ali yense. Wapeza colakwa ceni ceni, cooneka ndi maso, ndipo wacikonza. Mtima ufuna kupuma, ndipo palibe angamnene kuti sanayese. Zolakwa ziwiri zinapezeka, zonse zoona. Koma funso silinali lakuti kodi m'galimoto muli colakwa, pakuti m'galimoto ya zaka pafupi 70 muli zolakwa zosawerengeka. Funso linali lakuti pfungo la m'mawa licokera kuti. Cibvundikiro cinunkha thanki ikadzaza. Paipi ya ku kabuleta idontha pampu ikagwira nchito. Koma agogo akazi ananena za mbandakuca, pamene zonse zagona. M'mawa mwace anatuma mwanayo kukatsegula citseko. Anabwerera atagwira mphuno.

Pamenepo anamasula thanki naitsitsa. Thupi la Land Rover ndi la aluminiyamu, losacita dzimbiri, ndipo ndico cinyenga eni ace. Koma thanki ndi ya citsulo. M'mbali mwace, pa msoko wa kumunsi, panamatirira matope a misewu ya zaka zambiri, olimba ngati njerwa. Matope asunga cinyezi ca dzinja, cinyezi nicidya citsulo. Atawapala ndi mtengo anapeza msoko wakuda wonyowa, ndi timabowo tating'ono ngati ta singano. Petulo anali kutuluka monga thukuta, namwedwa ndi matopewo, nauluka ndi kutentha kwa October asanafike pansi. Ndico cifukwa cace dothi linali louma m'mawa uli wonse. Nthunzi yace ina inatsika, ina inalowa pa mipata ya bokosi la mpando, pansi pa munthu amene sanali kuimva.

Mkuluyo anafuna kuitana woocerera zitsulo wa pa msika, koma mkamwini, amene tsopano anapeza mau, anakana ndithu. Thanki yopanda petulo ndiyo yoopsa koposa yodzaza, pakuti m'malo mwa petulo mwatsala nthunzi yosakanizika ndi mpweya, ndipo ikhalitsa m'misoko ngakhale munthu atatsukamo ndi madzi. Amisiri ambiri abvulala poika moto pa thanki imene anaiyesa youma. Anatuma mau ku Lusaka kufuna ina. Inatenga milungu itatu ndi mtengo wa mbuzi zingapo, ndipo m'milungu imeneyo galimoto inaima. Mwana wina wa m'mudzi anadwala malungo akulu, namtengera ku cipatala pa ngolo ya ng'ombe, ulendo wa usiku wonse. Anacira, koma akadafa, alipo amene akadati mkulu uja anaimika galimoto cifukwa ca mphuno za mdzukulu wace, ndipo kukadakhala kobvuta kuwayankha pa maliropo.

Thanki yatsopano italowa, pfungo silinathe tsiku lomwelo, pakuti khusheni ya mpando inali itamwa nthunzi miyezi yambiri. Anaiyanika pa denga la khola mlungu wathunthu. Mdzukuluyo anabwerera ku Lusaka sukulu itatsegulidwa, ndipo nchito yonunkhiza m'mawa inatsalira agogo akazi, amene sakwera galimotoyo kawiri kawiri.

Inatsala nkhani ya mphwace. Mkuluyo anamuitana madzulo kuseri kwa nkhokwe, namuonetsa thanki yakale ndi timabowo tace, nampatsa makiyi. Mnyamatayo analandira ndi manja awiri, nati, "Zikomo, malume," osaonjeza kanthu. Koma mlongo wa mkuluyo, mai wa mnyamatayo, atamva anadza m'mawa mwace nakhala pa khonde, nati, "Acimwene, munamnena pabwalo anthu onse ali kumva, mwammasula kuseri kwa nkhokwe kuli nkhuku zokha." Mkuluyo anakhala cete nthawi yaitali. Pambuyo pace anauza mkamwini kuti thankiyo asaitaye, koma aiike pa ngolo. Pakuti Laciwiri kunali bwalo kwa amfumu, ndipo anafuna kupita nayo.